Kalata yotseguka kwa oyang'anira chakudya: tiuzeni zili mu ufa tikudyawu

Kwa olemekezeka a Nduna ya za Umoyo, a Nduna ya za Ulimi, a Nduna ya za Malonda, akuluakulu a National Biotechnology Authority ndi a Consumer Protection Commission, ndi nonse amene muli ndi chidindo pa chakudya cholowa ndi chogulitsidwa mdziko muno.

Ndagwada, moni kwa nonse. Ndikhulupilira ntchito ikuyenda. Ine ndi mayi wa ku Mufakose, ndinabadwira konkuno ku Harare, agogo anga aamuna ndi amene anachoka ku Ntcheu nthawi ya Mthandizi, bungwe lija linkalemba anthu ntchito yobwera kuno, nkudzagwira ntchito mmafamu, kenako anatsikira mtawuni muno ndipo kumudzi sanabwerereko. Ndimaphika nsima yogulitsa, ija anzathu amati sadza, pafupi ndi pokwerera makombi, komanso ndine wa komiti yophika mu sosaite yathu ya maliro. Nde ufa umene umadutsa mmanja mwangamu pa mwezi ndi wambiri kuposa umene banja limadya chaka chonse, nchifukwa chake ndalimba mtima kulemba. Ndalemba mchinenero changa dala. Constitution ya 2013 gawo 6 inatchula zinenero 16 za dziko lino ndipo Chewa ndi choyamba pa mndandandawo, olo kuti ndi alifabeti chabe inatiyika kutsogolo komabe tilipo, nde pezani wina akuwerengereni, mmaofesi mwanumo zidzukulu za machona zilimo zambiri zimangobisala.

Chandilembetsa ndi maliro a ku Mabvuku. Tinaphikira anthu ambiri masiku atatu, ufa tinagula matumba akuluakulu kwa munthu wina amene amagulitsa motchipirako, matumba oyera opanda dzina la chigayo, opanda deti, opanda chilichonse, kungosokedwa kukamwa basi. Titayika maliro mawa lake ana angapo anatsegula mmimba. Lisanalowe dzuwa pa gulupu yathu ya WhatsApp wina anali atalemba kale kuti ufa uja unali wa GMO, kutanthauza wa chimanga chosinthidwa chibadwa mu labu, wochokera ku Joni, wina nkuwonjezera kuti nchifukwa chake atsikana masiku ano akukula msanga, wina akuti umapha mphamvu za abambo, mpaka amayi anzanga amene ndaphika nawo zaka zambirimbiri anabwera pakhomo panga kudzandifunsa kuti mai mwatidyetsa chani. Ine mumtima mwanga ndikuganiza kuti anali madzi, chifukwa amene tinatunga tsiku lachiwiri sanali bwino, kapena ndiwo zogona zimene ana anatenthetsa mmawa. Koma ndikanawayankha ndi chani? Thumba silinalembedwe kanthu. Wogulitsayo nditamufunsa anangoseka nkuti amayi ufa ndi ufa, mukufuna satifiketi yobadwira ya ufa?

Ndisanapitilire ndinene poyera kuti musandiyike mgulu la anthu okuwa kuti GMO ndi poizoni. Mwana wanga wamkazi anaphunzirako za sayansi ya zakudya, ndinamukhazika pansi kuti andifotokozere ngati mwana wa giredi wani. Akuti chimanga cha GMO chambiri ndi cha mitundu iwiri. China anachiyika kanthu kochokera ku bakiteriya wa mdothi wotchedwa Bacillus thuringiensis, nchifukwa amati Bt, kuti kapuchi akaboola phesi afe yekha mlimi asanapopere. China anachikonza kuti ukapopera mankhwala opha udzu a glyphosate udzu ufe chimanga chitsale chiliri. A WHO amanena kuti zakudya za GMO zimene zili pa msika wa dziko lonse zinayesedwa ndipo sizikuoneka kuti zingawononge thanzi la munthu. Anzathu a ku South Africa akhala akulima mbewu zimenezi kuyambira cha mma 1990 kumapeto, chimanga chawo chopitilira magawo 80 pa 100 ndi chimenechi, soya ndiye pafupifupi yense, ndipo abale athu amene ali ku Johannesburg akudya pap yomweyo tsiku ndi tsiku. Ngakhale kwathu ku Malawi thonje la Bt analiyesa ku Bunda ndipo analiloleza kuti alimi adzale. Zonsezi ndazimva ndipo sindikutsutsa. Dandaulo langa ndi loti inu mukudziwa zimene zikulowa, ife amene tikuvundula mphika sitikudziwa, ndipo safunsa anadya phula.

Choyamba chimene chikundiwawa ndi chakuti lamulo lilipo kale. Sindikupempha chinthu chachilendo ayi. National Biotechnology Authority, nthambi ya boma yoyang'anira za GMO, inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2006, ndipo mu 2018 munatulutsa Statutory Instrument 159 yonena kuti chakudya cha anthu ndi cha ziweto chimene chili ndi GMO yofika gawo 1 pa 100 chilembedwe. Ndipo lamulo lathuli ndi lolimba kuposa la ku South Africa kumene amayambira pa magawo 5, latsala pang'ono kufanana ndi la ku Ulaya kumene ndi 0.9. Papepala ndife akatundu ndithu. Koma lamuloli limathera pa shelefu ya supamaketi, ndipo olo pamenepo timalemba take ndi tating'ono ngati nyerere, kuseri kwa paketi, mchingelezi, munthu wa zaka zanga uyambe wafuna magalasi. Funso langa ndi loti chiyambire 2018 ndi mashopu angati amene mwayendera, mwayesa ufa wa zigayo zingati, mwapeza chani? Ngati ntchitoyi ikuchitika ndiye ikuchitika mwakachetechete kwambiri moti ife kuno sitinaimvepo.

Chachiwiri, ndipo apa mundilole ndikhalitsepo chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse. Anthu ambiri amene ine ndimakhala nawo sagula ufa wa 10 kg wa mpaketi yolembedwa. Amagula tsaona. Kwa a kumudzi amene muwerenge izi, tsaona ndi ija inu mumati walkman, ufa wa mkapulasitiki wokwana nsima imodzi ya madzulo, ndipo kuno kuli tsaona ya chilichonse, mafuta ophikira a mkabotolo kotha ntchito, shuga, mpunga, machunks a soya oyezedwa ndi kapu. Munthu amene wapeza dola imodzi tsiku limenelo sangasunge kuti agule paketi yayikulu kumapeto kwa mwezi, amagula za lero lero. Tsono tsatani ulendo wa ufawo. Wachoka kuseri kwa Limpopo uli mthumba lolembedwa bwinobwino, wadutsa pa Beitbridge mthiraki kapena mu ngolo ya malaicha, aja onyamulira anthu katundu kuchokera ku Joni, wafika mmatakishopu a kumunsi kwa tawuni kapena ku Mbare, wina wagula thumba wakatsanulira mubeseni, wina wagula kubeseniko wakamanga timapulasitiki, pofika ku Epworth kapena ku Dzivarasekwa ufa uja ulibenso dzina, ulibe kwawo, ulibe deti, wasanduka mtchona ngati agogo anga. Lebulo ija inatayidwa kalekale kapena wina akuyalapo tomato. Nde lamulo lanu likuteteza munthu wa ku Borrowdale amene akanatha kudziteteza yekha, amene ali ndi ndalama yosankhira ndi data yofufuzira, koma gogo wa ku Tafara amene akulera zidzukulu zisanu lamulolo silimufika nkomwe. Ndipo si GMO yokha imene imasowa mu tsaona. Deti yothera ntchito imasowanso, ufa woti unanyowapo nkuumitsidwanso umalowa momwemo, mafuta osadziwika kuti ndi a chani amalowa momwemo.

Musandimve molakwa, sindikuti tumizani apolisi a khonsolo akathamangitse amayi ogulitsa tsaona, amayi amenewo ndi ife tomwe ndipo kuthamangitsidwa tatopa nako. Amene ali ndi udindo ndi wolowetsa katundu, wa chigayo ndi wa holoselo, amenewo ndi ochepa, ali ndi maadiresi, mumawadziwa.

Chachitatu ndi mmene zigamulo zimabwerera. Akuluakulu amene munalipo mukukumbukira njala ya 2002. Chimanga cha thandizo chochokera ku America chinali cha GMO, a Levy Mwanawasa ku Zambia anachikana kwamtuwagalu mpaka kuchitchula poizoni, pomwe Zimbabwe ndi Malawi anavomera pokhapokha chikagayidwe kaye kuti munthu asachidzale. Kuchokera pamenepo kwa zaka zambiri timauzidwa kuti dziko lino GMO silifuna. Kenako kumayambiriro kwa 2020 tinangomva mmanyuzi akunja kuti chimanga cha GMO chayamba kuloledwa kulowa chifukwa cha chilala. Mu April 2024 a Pulezidenti Mnangagwa analengeza kuti dziko lili pa ngozi chifukwa cha chilala cha El Niño, ku Malawi ndi ku Zambia nakonso zinali chimodzimodzi, ndipo chimanga chinayenera kuchokera kunja basi. Ine sindikudzudzula zimenezo, njala ndinaiona, mwana akamalira usiku sufunsa kuti ufa ndi wa mtundu wanji. Koma taonani mmene zimamvekera kwa munthu wamba. Dzulo munati ndi choipa, lero chili mumphika mwanga, ndipo pakati apa palibe amene anabwera pa wailesi kudzanena kuti abale tasintha maganizo pa zifukwa izi ndi izi, tayesa tapeza izi. Munthu amene wauzidwa zaka pafupifupi 20 kuti chinthu ndi choopsa kenako nkuchipeza mmbale yake, mukuganiza kuti akhulupilira ndani? Akhulupilira voice note ya pa WhatsApp.

Ndipo mphekesera zafika poti chilichonse chachikulu ndi GMO. Nkhuku ya broiler ikanenepa akuti GMO, tomato akakula akuti GMO, mbewu ya haibulidi imene takhala tikugula mmashopu a zaulimi kuyambira kale akuti GMO, mpaka mwana akatalika kuposa bambo ake amamuseka kuti mwana wa GMO. Haibulidi ndi kukwatitsa mitundu iwiri ya chimanga mmunda, si za mu labu zosintha chibadwa ayi, ndipo broiler ndi mtundu wake ndi chakudya chimene imapatsidwa. Ine izi ndazidziwa chifukwa ndili ndi mwana wophunzira pakhomo. Nanga amene alibe?

Chachinayi ndi chimene chimandisowetsa tulo kuposa GMO yeniyeniyo. Pamene tonse tikuloza GMO, chuku chikudutsa pansi pa mphuno zathu. Chimanga kapena mtedza zikasungidwa ponyowa zimachita nkhungu imene imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, ameneyu saoneka ufa ukagayidwa, safa ndi moto olo nsima uiphike maola angati, amawononga chiwindi mpaka khansa ndipo ana amapinimbira. Ku Kenya mu 2004 anthu 125 anafa ndi chimanga chotere. Ku Zambia konkuno pafupi mu 2024 agalu mazanamazana anafa ndipo boma lawo linapeza aflatoxin mu ufa wa zigayo zina. Apa palibe mkangano wa asayansi ayi, onse amavomereza. Chimanga chimene chayenda mtunda wautali, chagona pa boda masiku, chavumbwa mthiraki, kenako chagayidwa mwachangu chifukwa kuli njala, ndi chimene chiyenera kuyesedwa kwambiri, kaya ndi cha GMO kaya si cha GMO. Pa glyphosate paja pali kusagwirizana, a IARC amene ndi nthambi ya WHO yoona za khansa ananena mu 2015 kuti mwina angayambitse khansa, mabungwe ena a ku America ndi ku Ulaya anati pa mlingo umene anthu amakumana nawo palibe vuto. Chabwino, asiyeni akangane, koma ife tingofuna mudziyesa kuti watsalira wochuluka bwanji mu ufa ndi mu soya nkutiuza, ndipo muyesenso za mminda yathu yomwe ino chifukwa mankhwala amenewa masiku ano aliyense akupopera, ena ndi mpope wodontha kumsana opanda olo magolovesi.

Pali kankhani kena ka mafuta ophikira kamene mwana wanga anandiuza ndipo kanandidabwitsa. Akuti mafuta akayengedwa bwino, mu labu nkovuta kupeza ngati soya wake anali wa GMO chifukwa zimene amayesazo zimakhala zachoka. Tanthauzo lake ndi loti pa mafuta simungadalire makina okha, pafunika mapepala otsata katundu kuchokera kumene anagulidwa. Ndangodutsapo kuti mudziwe kuti tikudziwa kuti ntchito yanu si yophweka.

Chomaliza pa madandaulo ndi mbewu. Muno mu Harare aliyense ndi mlimi mvula ikagwa, mmbali mwa msewu, mmadambo, kuseri kwa manda, paliponse pali kamunda ka wina. Mayi anga mpaka kumwalira kwawo ankasunga chimanga cha makolo cholimba chija chokonola bwino, ankachipachika kukhitchini kuti utsi uthamangitse anankafumbwe, ndipo ine ndikadali nacho. Chimanga chimakwatirana ndi mphepo, sichipempha chilolezo kwa mwini munda. Kudzala GMO muno sikuloledwa, nchifukwa chake mumati cholowa chigayidwe moyang'aniridwa. Koma pa msika timaona chimanga chamaso chikugulitsidwa mmabakete osadziwika kochokera, ndipo munthu amene alibe ndalama ya mbewu amatapa chomwecho nkukadzala. Ngati tsiku lina dziko lidzasankhe kulima GMO lisankhe masana anthu atafunsidwa, osati zilowe chifukwa thumba linabooka pa Mbare.

Tsono zopempha zathu ndi izi, ndipo ndikuti zathu chifukwa ndinawawerengera amayi a sosaite Lamulungu titaweruka ku tchalitchi ndipo anavomera.

1. Pakhale chizindikiro chimodzi chachikulu, chojambula, kutsogolo kwa paketi, chosonyeza kuti muli GMO. Zimenezi munazitha kale pa nkhani yowonjezera mavitamini mu ufa, shuga, mafuta ndi fulawa kuyambira 2017, kachizindikiro kaja timakaona. Gogo amene sanapite ku sukulu azitha kuchizindikira ali chapatali.

2. Thumba lililonse lalikulu lotuluka mchigayo kapena mu holoselo likhale ndi dzina la wogaya, deti, ndi kochokera chimanga. Wogulitsa tsaona apatsidwe kapepala kapena kakhadi kaulere koti ayike pa tebulo lake, ndipo chilango chikhale cha wamkulu amene watulutsa thumba losalemba, osati cha mayi wa pa tebulo. Thumba loyera lopanda dzina ngati lija la ku Mabvuku lisapezekenso pa msika.

3. Miyezi itatu iliyonse tulutsani zotsatira za zimene mwayesa, GMO, aflatoxin ndi mankhwala otsalira, mutchule mitundu ya ufa ndi misika imene mwatengako. Zikhale pa intaneti komanso zimatidwe mmakiliniki ndi mmaofesi a khonsolo mmalokeshoni. Gawo 62 la Constitution limatipatsa ufulu wodziwa zimene boma likusunga zokhudza ife, ndipo gawo 77 limakamba za chakudya chokwanira ndi madzi abwino, sitikupempha chifundo.

4. Mukaloleza chimanga cha GMO kulowa, lengezani tsiku lomwelo, chochuluka bwanji, chochokera kuti, cha anthu kapena cha ziweto, chikagayidwa kuti. Tisamve kwa atolankhani akunja.

5. Bwerani pa wailesi mzinenero zathu, Chichewa chomwe, ndipo mutumize anthu odziwa ku misonkhano ya masosaite a maliro, mmatchalitchi ndi mmizikiti. Ife timakumana mwezi uliwonse, mipando ilipo, tiyi tikupatsani. Abwere munthu woleza mtima woti akafunsidwa ngati GMO imapha mphamvu za abambo asaseke, ayankhe, chifukwa amene akufunsayo akufunsa zenizeni.

6. Pakhale nambala ya WhatsApp imene munthu angatumizeko chithunzi cha ufa wokayikitsa, ndi malo mlokeshoni iliyonse kumene ndingapititse kapu ya ufa kuti ukayesedwe osalipira ndalama zoposa mtengo wa ufawo. Ndipo yankho libwere, olo patapita sabata ziwiri.

Ndikudziwa muti ndalama palibe, labu ndi yodula, ogwira ntchito ndi ochepa. Koma nambala 4 ndi 5 sizifuna ndalama yochuluka, zifuna kungotsegula pakamwa, yambani ndi zimenezo. Za makadi a tsaona wolowetsa katundu akhoza kulipira, pa thiraki yonse ya chimanga mtengo wa timapepala sungamugwetse.

Abale amene mwawerenga mpaka apa, kaya muli ku Highfield, ku Mbare, ku Chitungwiza, ku Norton kapena mmafamu ndi mmigodi, tumizani kalatayi mmagulupu anu, amene mumatha Chishona ndi Chindebele muwafotokozere aneba chifukwa mphika ndi umodzi. Amene muli ndi m'bale wogwira ntchito mmaunduna ndatchulawa mumuonetse.

Kwa inu akuluakulu, ufa wotsala wa maliro aja sindinataye. Ndinasunga pang'ono mubotolo lotseka bwino, ndinalembapo deti, lili pamwamba pa kabati. Amayi aja ndinawalonjeza kuti tsiku lina ndidzawauza ngati vuto linali ufa kapena ayi, ndipo awiri mwa iwo mpaka lero sakugulanso nsima kwa ine. Mundiuze kumene ndingalipititse.

Ine wanu mwaulemu,
Mayi wophika nsima, Mufakose, Harare